Lole ya a Sajeni Ikutaya Mpweya

Amuna anga, a Obadiya, anatuluka usilikali ndi zinthu ziwiri: dzina loti a Sajeni, ndi lole yobiriwira imene asilikali anzawo anaigulitsa pa okushoni itawatopetsa. Anthu ena akapuma ntchito amabwera ndi chigayo. Ife tinalandira chitsulo cha matayala ofika m'chiuno, chomwa dizilo ngati chakwiyira munthu, ndipo chinaimikidwa pakati pa bwalo la amayi anga, pomwe kale ankayanikapo mphale.

Ndati bwalo la amayi anga chifukwa a Sajeni ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri, koma akalambira kwathu kuno kufupi ndi Chezi. Munda ndi wathu, nyumba ili pamalo athu, ana ndi a mbumba yathu. Chawochawo pamudzi pano ndi lole basi. Imanyamula fodya, chimanga, maliro ndi akwaya, ndipo akakhala pachiwongolero m'pamene mudzi umakumbukira kuti munthuyu ali ndi dzina.

Vuto ndi loti makutu awo anapuma ntchito osatsanzika. Lakumanja linafa kalekale, lakumanzere likutsatira pang'onopang'ono. Mudzi wonse ukudziwa, kupatula eni makutuwo. Malinga ndi a Sajeni, anthu a masiku ano amalankhulira m'mimba, abusa atsopanowa alibe mawu, mawailesi akubwerawa ndi ofooka, ndipo ine ndakula bwino chifukwa ndinasiya kulongolola. Sindinasiye. Ndinayesapo kuwatchulira zakuchipatala, iwo n'kundiuza kuti msilikali amamva udzudzu ukutsokomola kutsidya kwa dambo. Ndinayankha zina ndi zina, mwamwayi sanazimve.

Mwana wathu womaliza, Talandira, ankakwatiwa Loweruka kutchalitchi cha ku Mvera, kumene mwamuna wake amaphunzitsa. Kuyambira tsiku la chinkhoswe a Sajeni anali atalengeza kuti akuchikazi onse, ndi miphika yawo yomwe, adzawatsitsa okha pa lole, mkwatibwi ali kutsogolo pambali pa bambo ake. Anaitsuka loleyo kuposa mmene anatsukirapo mwana aliyense. Koma amene anayendapo kuchoka ku Chezi kupita ku Mvera akudziwa kuti msewu wake ndi wotsetsereka, wokhotakhota, ndipo kumbali kwake kuli zigwa zosabweza munthu.

Lachisanu m'mawa kunafika mlongo wanga Dominiko, amene amayendetsa minibasi ku Mponela. Iyeyu ndiye mwini mbumba, malume ake a mkwatibwi, ndipo udindo umenewu amauvala ngati jekete. Iye ndi a Sajeni amakondana mwaulemu, kutanthauza kuti sanamenyanepo. Anapereka moni mwachidule n'kuima patsogolo pa lole, manja ali m'thumba.

"Alamu, ndamva kuti dzana pokatenga nkhuni belu la mpweya linkalira njira yonse."

"Akuti chiyani?" a Sajeni anafunsa ine, ngati mlongo wanga walankhula Chifalansa.

"Akuti belu la mpweya linkalira," ndinakuwa nditawayang'ana kumaso, poti amamva bwino akamaona pakamwa.

"Belu limenelo linafa chaka chatha. Silinalirepo."

Belulo silinafe ayi. Mabuleki a loleyi ndi a mpweya. Injini ikamalira imapopera mpweya m'mathanki, ndipo dalaivala akaponda, mpweyawo ndi umene umakakankha mabuleki kumatayala. Ukachepa, kabelu ka m'kati kamalira kuti munthu aime msanga. Athu anayenda nako kakulira mpaka kunkhuni ndi pobwerera, akuuza amene anakhala nawo kutsogolo kuti galimoto ikamakalamba phokoso limatha.

Dominiko anakweza mawu, amene amaitanira nawo anthu pa siteji, kuti asafunikenso womasulira. "Mbumba yanga sikwera chinthu chotaya mpweya. Likamapendeka dzuwa musanapeze pomwe ukutulukira, ndiitanitsa maminibasi kwa abwana anga. Lole itsala ikulondera nkhuku."

Izi a Sajeni anazimva. Anangolowa m'nyumba n'kutuluka atavala ovolosi.

Ndiyenera kunena chilungamo, ntchito yawo amaidziwa. Anaika miyala kumatayala. Anatenga sopo wanga waufa, amene ndinasungira zovala za paukwati, n'kumuthira yense m'beseni mpaka thovu kusefukira. Analiza injini, kamuvi ka pa geji kanakwera mpaka pamalo pake, kenako anazimitsa. Anatifotokozera, ife mbuli, kuti mpweya wotayika umasakidwa ndi zinthu ziwiri, khutu ndi thovu, koma khutu ndiye mkulu.

"Tsopano aliyense akhale chete," anatero atakweza dzanja.

Pabwalo panali amayi osefa thobwa, atsikana oyeserera masitepe a paukwati, ndi chisipika chobwereka chikugunda mpaka malata kunjenjemera. Asanasunthe ngakhale mmodzi, a Sajeni anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti bata lotere ndi limene amafuna. Mtsikana wina anathamanga kukazimitsa sipikayo mwamanyazi, ngati wolakwa ndi iyeyo.

A Sajeni analowa pansi pa lole ndi beseni lawo. Anayamba ndi mathanki, akupaka thovu polumikizira paliponse ndi kansanza, n'kumayang'anitsitsa. Pansi pa thanki imodzi, pa kavavu kotulutsira madzi, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono. Anakatsegula, panatuluka madzi akuda osakanikirana ndi oyilo, anakatsuka, anakamanga bwino. Atadzazanso mpweya n'kuzimitsa injini, kamuvi kanaima nji, osatsika. Anatuluka pansipo chifuwa chili patsogolo, n'kukamba mawu ochepa okhudza madalaivala a minibasi, amene amadziwa hutala yokha. Ine ndinakondwa kuchokera pansi pamtima, ndinkaona ngati tapulumuka.

"Zayenda bwino, alamu," anatero Dominiko. "Nanga pa Mvera mudzaima osaponda buleki? Achemwali, takwerani muponde."

Ndinakwera, chitenje chikukodwa m'zitsulo. Nditangoponda, kumbuyo kunamveka fwiii, mokweza moti galu amene anagona pansi pa nkhokwe anadzuka n'kusamuka. Kamuvi kanayamba kutsika ndikuona. Nditachotsa phazi, phokoso linaleka. Ndinasuzumira pazenera n'kuwauza a Sajeni, pakamwa ndikutsegula ngati ndikuphunzitsa Sitandade 1, kuti ndikaponda mpweya ukuthawa.

"Ndiye kuti ndi mbali ya kumatayala," anatero, ndipo pamenepo analondola. "Nambewe, phazi lisachoke pamenepo mpaka nditakuuzani."

Pa tayala lililonse pali chitsulo chonga kampoto kovindikira, amakanika amati busta, momwe mpweya umalowa n'kukankha buleki. A Sajeni anayamba kuyendera mabustawo limodzilimodzi, akukwawa chagada. Pa lililonse ankagunditsa khutu, n'kutsinzina ngati dokotala womvera chifuwa. Khutu lake linali lakumanja, lija linafa, poti ndi limene anazolowera kuyambira ku usilikali. Kutsogolo kuli bwino. Pakati pali bwino. Atafika kumbuyo, kumene phokoso linkachokera, anakhalitsa ndithu, mtima wanga n'kuyamba kuyembekeza. Kenako mawu anatuluka pansi pa lole, odekha, a munthu wodziwa.

"Kunonso kuli bwino. Geji ndi imene ikunama."

Pabwalo panali zii, ndipo m'bata limenelo mpweya unkapitiriza kulira. Amayi a thobwa anaweramira m'ndowa zawo. Atsikana anapeza zochita kuseri kwa nyumba. Ndani akanauza msilikali wamkulu, bambo wa mkwatibwi, pamaso pa alendo, kuti chimene akuchisaka chikumukuwira kukhutu?

Mpweya ukatha a Sajeni ankatuluka, kuliza injini, kudzaza, kuzimitsa, n'kulowanso. Anapaka thovu mapaipi onse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anamasula paipi ina yosalakwa n'kuikapo inzake. Ina anaikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, mwina pofuna kuilimbitsa mtima. Mabusta okha ndi amene sanawapake, chifukwa khutu linali litaweruza kale, ndipo mlandu woweruza khutu la a Sajeni suchitidwa apilo.

Ine ndinkakuwa kuti kumbuyo, kumbuyo, koma munthu ali pansi pa lole saona pakamwa pa mkazi wake. Ndikatsika kuti ndikawalozere, phokoso linkatha, poti wopondayo ndinali ine. Komanso kuchokera kutsogolo sindinkadziwa kuti ndi tayala liti. Amene ankadziwa ndi Dominiko. Anali ataima chapatali, mutu ataupendeketsa, maso ali pa tayala limodzi.

"Dominiko, bwera udzaponde, ine nditsike."

"Alamu ananena kuti munthu wa minibasi asadzakhudze lole yawo. Ine ndikungomvera."

"Ndiye kawalozere."

"Ndiwalozere a Sajeni? Ine wodziwa hutala yokha?"

Mlongo wanga ndimamukonda, koma tsiku limenelo ndinakumbukira kuti ali mwana ndinamuvuulapo m'chitsime, ndipo ndinadzifunsa kuti ndinkafulumira chiyani.

Panali munthu mmodzi amene sanasunthe pamalo pake, amayi anga, aNachisale. Kuyambira pamene lole inawalanda bwalo, amayala mkeka wawo mumthunzi wake, chakumbuyo kumanzere, ndipo palibe angawachotsepo. Tsiku limenelo ankaswa mtedza wotendera ndiwo za paukwati. Iwo ndi a Sajeni sanayang'anizanepo kumaso chikwatiwire ine. Mkamwini ndi apongozi ake amathawana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mabanja ena amathetsa zimenezi ana akabadwa, amapatsana kankhuku n'kuyamba kulonjerana ngati anthu. Athuwa aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, mpaka ana anakula, nkhuku zambirimbiri zinadyedwa ndi anthu ena. Akafuna kuuzana kanthu amatuma ine, kapena amauza mtengo wa mango mokweza. Ndiye a Sajeni akamakwawira chakumbuyo, amayi ankatembenuka n'kulozetsa msana ku lole, mwambo uli m'malo mwake.

"Kezia," anandiitana, "tawauza eni chitsulochi kuti njoka yawo ili pa tayala lino. Ikundiuluzira makoko m'lichero."

Ndinapereka uthengawo ndi mphamvu zanga zonse. Anaumva a kutsidya kwa msewu, ndipo wina anayankha. Pansi pa lole panangomveka sipanala ikugogoda paipi ina yosalakwa.

Amayi anatembenukira ku mango. "Mtengo iwe, pali anthu ena pano akusaka kum'mawa chinthu chili kumadzulo. Chili pa tayala lakuno, kunsi kwa kampotoko."

Mtengo unamva. A Sajeni ayi.

Dzuwa linapendeka. Mwendo wanga unali utachita dzanzi. Dominiko anatulutsa foni n'kuyamba kufunsa mokweza ngati maminibasi angapezeke m'mawa, akutchula dzina la abwana ake mobwerezabwereza kuti tonse tilidziwe. A Sajeni anadzazanso mpweya n'kulowa pansi osayang'ana munthu. Pagalasi lam'mbali ndinkaona miyendo yawo yokha. Poyamba inkasuntha, kenako inangoti phee. Sankagogodanso kanthu. Anangogona pamenepo, chakumbuyo, ndipo ndinadziwa kuti nzeru zawathera koma sakudziwa kuti atuluke ndi nkhope yotani. Zinandipweteka kwambiri. Munthu ameneyu wakhala pamudzi wa eni zaka zonsezi osadandaula, ndipo chimodzi chokha chimene anapempha ndi kutsitsa mwana wake ku Mvera.

"Obadiya."

Ndinayesa ndamva molakwa. Anali amayi, ndipo dzina limenelo linali lisanatulukepo pakamwa pawo. Dominiko anatsitsa foni.

"Obadiya, ndikuitana inu."

Anali pafupi moti akanatha kuwaponyera mtedza pamphumi. Miyendo ija sinasunthe n'komwe.

Zotsatirazi zina ndinaziona pagalasi, zina ndinauzidwa ndi amayi a thobwa, amene ulemu wawo unatha mwadzidzidzi n'kugwada onse kusuzumira. Amayi anaika lichero pambali. Anamanga chitenje mwamphamvu, anagwada, n'kukwawa ndi mawondo awo a nyamakazi kulowa pansi pa lole. Anawagwira a Sajeni pamkono. A Sajeni potembenuka anapeza nkhope ya apongozi awo ili pafupi ngati ya wometa. Anayesa kuthawa monga mwa mwambo, koma pansi pa lole palibe tchire lopatukirako, ndiye anangowomba mutu kuchitsulo. Amayi sanawataye.

"Ponda, Kezia."

Phazi linali litafooka pa buleki, ndiye ndinapondanso mwamphamvu. Amayi anakoka dzanja lija n'kuliika kunsi kwa busta, pa kabowo koyang'ana pansi. Mpweya unawomba pachikhatho.

Akuti a Sajeni anakhala choncho osaphethira. Kenako anachotsa dzanja n'kuikapo khutu lakumanja. Anatembenuza mutu n'kuikapo lakumanzere. Anabwezeranso dzanja, ndipo linakhala pomwepo mpaka mpweya wonse unatha m'mathanki.

Amayi anatuluka chambuyo, anasasa fumbi, n'kukhalanso pamkeka msana ataulozetsa ku lole ngati palibe chachitika. "Tsono ndawaona," anauza mango. "Zaka zonsezi ndimathawira m'minga chifukwa cha munthu wa mphuno yotere."

Palibe anaseka. A Sajeni anatuluka, thovu lili m'tsitsi, pamphumi patatupa. Anabwera kuchitseko cha lole n'kundiyang'ana pakamwa. Analankhula motsitsa, mmene anali asanalankhulirepo kwa nthawi yaitali.

"Nambewe, nonsenu mumaumva?"

"Timaumva."

"Kuyambira m'mawa?"

"Ngakhale galu."

"Nanga belu lija?"

"Limalira, bambo a Talandira. Silinafe."

Anagwedeza mutu kangapo. Ndinkayembekeza kuti anena za mphepo kapena za anthu olankhulira m'mimba, koma sananene. Analowa m'nyumba n'kukoka bokosi lachitsulo la pansi pa bedi, limene ndakhala ndikupunthwapo chibwerere iwo ku usilikali. M'menemo munali chimphira chozungulira ngati mbale, chokulungidwa m'nyuzipepala. Anamasula lamba wachitsulo womanga busta, anatulutsa chimphira chakale, ndipo atachipinda mng'alu unaonekera m'mphepete. Anaika chatsopano, anamanga, anadzaza mpweya. Ulendo uno anapaka thovu busta lililonse, ndi limene linalibe mlandu lomwe, ine ndikuponda ndi mwendo umene sunalinso wanga. Thovu silinafufume paliponse. Kamuvi kanatsika pang'ono poponda n'kuima.

"Kuli phokoso?" anandifunsa.

"Kulibe."

Anatembenukira kwa Dominiko. "Alamu, inu mukumva kanthu?"

Dominiko anazungulira lole yonse, akuwerama pa tayala lililonse, akufunafuna ndi mtima wonse kaphokoso koti kamuthandize. Sanakapeze. Anavomera kuti yakonzeka, mawu akutuluka ngati akumeza mankhwala, n'kubweza foni m'thumba. Mbumba ikwera lole. Amayi a thobwa anayamba kalululu, ndipo ine ndinatsika ndikutsimphina, wokonzeka kumva ulaliki wa maminibasi mpaka mawa.

A Sajeni anazula kiyi n'kumupatsa Dominiko.

"Mawa muyendetsa ndinu. Musananyamuke mudikire kamuvi kafike pamwamba. Potsetsereka muike giya yaikulu, ija yokwerera phiri, musamangopondaponda ngati muli pa siteji, mpweya umatha. Belu likalira muime pomwepo, ngakhale mkwati akudikira."

"Alamu, lole ndi yanu. Yakonzeka."

"Lole yakonzeka," anatero a Sajeni. "Mwanayo akhale kutsogolo monga tinanenera. Ine ndikhala kumbuyo ndi miphika."

Mlongo wanga wakhala akulota tsiku limeneli kuyambira pamene lole inafika pamudzi. Litafika, anaima nayo kiyiyo m'manja ngati wapatsidwa khanda la eni, osadziwa koyang'ana. Pomaliza anayang'ana nsapato zake, ndipo ndikhulupirira kuti anapezamo zambiri, chifukwa anaziyang'ana nthawi yaitali.

Ndinawatsatira a Sajeni kuseri kwa nyumba ndi jagi yamadzi. Anakhala pa chitsa, beseni lili pakati pa miyendo, ine ndikuthirira iwo akupukusa girisi m'zala. Kutsogolo sipika inali itayatsidwanso, ndipo Talandira, amene anali atangobwera kokonzetsa tsitsi, ankatsogolera anzake nyimbo yolowera m'tchalitchi. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasunga zaka zambiri kudikira tsiku loti adzavomere, ena okoma ndithu, koma onse anandithawa.

"Akuimba?" anafunsa.

Ndinawerama kuti andione. "Akuimba. Akutsogolera ndi Talandira."

Anayang'ananso m'beseni n'kupitiriza kupukusa chala chimodzi chomwe chinali chitayera kale.

"Mawa m'tchalitchi mukhale pafupi nane. Abusa akamufunsa mwanayu, iye akayankha, mundigwire dzanja. Ndisadzachite kufunsa anthu panja ngati wavomera."

Ndinati chabwino, koma maso awo anali m'beseni, ndipo anapitiriza kudikira yankho. Ndinatula jagi pansi n'kuwagwira dzanjalo, ndi girisi wake yemwe.